Galimoto ya alamu imalankhula Chijeremani

Anthu ambiri akamagula galimoto yoti inayendapo kale amayang'ana zooneka ndi maso. Amagogoda chitseko kuti amve ngati chinamatidwapo, amasuzumira pansi kuona ngati oyilo akudontha, amapapasa matayala, ndipo amene ali ndi khutu amamvetsera injini. Zonsezi n'zofunika, koma magalimoto a masiku ano ali ndi mbali ina imene dzanja silingaifike. M'kati mwake muli timakompyuta tambirimbiri, timene amakaniko amangoti mabokosi: bokosi la injini, la giya, la mabuleki, la magetsi, la mawotchi a pa dashibodi. Bokosi lililonse lili ndi mzere wa manambala ndi zilembo umene umaliuza khalidwe lake. Mzere umenewu umatheka kuusintha, ndipo munthu amene anali ndi galimotoyo inu musanaigule atha kukhala kuti anausintha. Pa mapepala a galimoto simudzapezapo chizindikiro chilichonse cha zimenezi.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira. Ndimadyera malipoti, zikalata za kukhoti ndi timabuku ta zaumoyo, kuchotsa m'Chingerezi kuika m'Chichewa, ndipo mwa apo ndi apo kuchotsa m'Chijeremani, chimene ndinachiphunzira ndili ku yunivesite. Za injini ndimadziwa zochepa zimene aliyense wogwira chiwongolero amadziwa. Amene anandikokera m'nkhani imeneyi ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga, amene amakhala kummwera kwa Johannesburg ndipo amagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Atasunga ndalama zaka zinayi, anagula Volkswagen Golf GTI ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, ya 2015, yoyera mbee, kwa munthu wamba amene anakumana naye pamalo oimika magalimoto a sitolo ina yaikulu.

Amene sanakhaleko ku South Africa sangamvetse msanga ulemu umene galimoto iyi ili nawo kwa mnyamata wa ku Soweto kapena wa ku Tembisa, ngakhalenso kwa Mmalawi amene watha zaka khumi akuiona ikumudutsa iye ali pa mzere wodikira takisi. Ili ndi dzina lochokera ku kulira kwake, vrrr pha. Giya yake ya DSG ili ndi makilatchi awiri, ndipo ikamasintha, kompyuta imadula mphamvu ya injini kwa kamphindi kochepetsetsa. Kuphulika kumene kumamveka ku ekizozi pa kamphindi kameneko ndiye pha uja. Injini yake ndi ya malita awiri yokhala ndi turbo, ndipo pochoka ku fakitale ya ku Wolfsburg imatulutsa 162 kW. Alamu ananditchulira nambala imeneyi pa foni monga kholo limatchulira mapointi a mwana wake wa Fomu 4.

Sabata isanathe, dalaivala wina wa takisi anawaimbira hutala pa maloboti n'kuwakuwira kuti getsi la mabuleki la kumanzere silikuyaka. Galimoto ya mtundu uwu imayenera kunena yokha pa dashibodi getsi likafa. Iyi inangoti duu. Disembala anali pafupi, mwezi umene anakonza zotenga achemwali ndi ana awiri kupita kumudzi ku Ntcheu, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete. Zoibweza kwa mwini wake panalibe. Lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2008 limapereka miyezi isanu ndi umodzi kwa amene wagula kwa wamalonda, koma wogula kwa munthu wamba kawirikawiri amagula voetstoots, kutanthauza kuti watenga katundu mmene alili. Mawuwa ndimawakonda ngakhale ndi ankhanza: voet ndi phazi, stoot ndi kukankha. Katundu wakukankhira ndi phazi sabwereranso.

"Alamu, bwerani Loweruka," anandiuza. "Makina a amisiri akulankhula chilankhulo chanu chija."

Amisiriwo ndi bambo wa kwawo ku Angónia, ku Mozambique, amene ali ndi kagalaja kuseri kwa nyumba ina. Chichewa chawo ndi cha kwathu komwe, kungoti manambala amawerenga m'Chipwitikizi. Ali ndi laputopu yakale yokhala ndi pulogalamu yotchedwa VCDS, yopangidwa ndi kampani ya Ross-Tech ya ku Pennsylvania, ndi chingwe chake. Pulogalamuyi ili m'Chingerezi, koma ukalowa m'kati mwa mabokosi ena, makamaka la magetsi, mayina ambiri amabwera mmene akatswiri a ku fakitale anawalembera, m'Chijeremani chofupikitsidwa. Amisiri amawadziwa mayinawa ndi maso, monga munthu amadziwa njira ya kumunda usiku. Amadziwa kuti mzere wakutiwakuti ukausintha pamachitika chakuti. Chimene mawuwo amanena anali asanachifunsepo.

Zimenezi sizachilendo kwa ife. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kwadzaza magalimoto ochokera ku Japan, olowera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, amene amalankhula Chijapani tsiku ndi tsiku. Ukaliza injini, mawu a mayi amalankhula kuchokera pansi pa dashibodi, ndipo eni ake ena amati akuwapatsa moni. Nthawi zambiri mayiyo amakhala akunena kuti khadi yolipirira misewu ya ku Japan sinalowetsedwe. Wailesi zake zimathera pa 90 MHz, motero masiteshoni ambiri a kwathu sizimawagwira. Tinazolowera kukhala ndi katundu wolankhula zimene sitikumva, ndipo timangoyenda naye.

Khomo lolowera lili pansi pa dashibodi, mbali ya dalaivala, pafupi ndi bondo: kasoketi ka mabowo 16, kamene pa Volkswagen kamakhala kofiirira. Kanabwera chifukwa cha utsi. Boma la America linalamula kuti kuyambira 1996 galimoto iliyonse yatsopano ikhale ndi khomo lofanana loti woyeza utsi alumikizepo makina ake, ndipo maiko a ku Ulaya anatsatira m'chaka cha 2001 pa magalimoto a petulo. Khomo lotsegulira woyeza utsi ndi lomwelo limene lero mnyamata aliyense wokhala ndi foni ndi kachipangizo ka OBDeleven, kochokera ku Lithuania, amalowerapo n'kusintha zimene akufuna ali khale pa mpando.

Tisanakhudze kanthu, amisiri analumikiza chaja ku batire, chifukwa magetsi akatsika bokosi lili m'kati molandira malangizo, limatha kuzunguzika osadzukanso. Kenako analiza pulogalamu kuti iwerenge mabokosi onse, mmodzimmodzi, n'kusunga zonse mu fayilo. Apa ndinadzimva kuti ndili pakwathu. Womasulira sagwira ntchito pa kope lokhalo la chikalata. Umayamba wajambula, kusunga choyambirira pamalo pake, kenako n'kumalemba pa kope linalo. Ndinapempha kuti fayiloyo itumizidwe ku foni yanga ndi ya alamu tisanapitirire, ndipo amisiri anaseka n'kunena kuti makasitomala awo onse palibe amene anapemphapo zimenezo.

Kusintha kumene anthu amangokutcha coding kuli pamiyeso itatu yosiyana kwambiri kuya kwake. Choyamba ndi kusankha pakati pa zinthu zimene fakitale inaikamo kale. Bokosi limodzi lomwelo limapita m'magalimoto ogulitsidwa ku Germany, ku Australia ndi ku South Africa, ndiye limanyamula makhalidwe a maiko onsewo, ndipo mzere wa manambala uja umangoliuza loti litsatire. Chachiwiri ndi kusintha milingo: indiketa iphethire kangati, getsi liwale motani. Chachitatu ndi kufufuta pulogalamu ya injini n'kulembamo ina, chimene anyamata amati remap kapena stage 1. M'ntchito yanga ndinganene kuti woyamba akusankha pakati pa mawu awiri amene mlembi anasiya m'mphepete mwa tsamba, wachiwiri akukonza mipumiro, wachitatu walemba buku lake n'kusiya dzina la mlembi pa chikuto.

Mzere wa manambala uja umaoneka woopsa koma nzeru yake ndi yapafupi. Zilembo ziwiri zilizonse ndi byte imodzi, ndipo byte ili ngati maswitchi asanu ndi atatu oikidwa pa khoma limodzi. Switchi yozima ndi 0, yoyaka ndi 1. Maswitchi akakhala 00000100, amalembedwa mwachidule kuti 04. Ukayatsa yakumapeto, amakhala 00000101, ndipo chidule chake ndi 05. Kusiyana kwa 04 ndi 05 kutha kukhala kusiyana kwa galimoto yochenjeza ndi galimoto yosachenjeza.

Tinayamba ndi funso la ndalama: kodi makilomita 118,000 a pa wotchi ndi oona? Wotchi ya pa dashibodi anthu amaibweza, koma mtunda umalembedwanso m'malo ena, monga m'bokosi la injini, ndiponso dandaulo lililonse limene bokosi lasunga limakhala ndi mtunda umene vutolo linachitikira. Manambalawa anagwirizana, ndipo ndinaona mapewa a alamu akutsika. Koma injini imawerenganso mtunda umene galimoto yayenda chifufutireni madandaulo ake, ndipo pamenepo panali makilomita 140 okha, pafupifupi mtunda womwewo umene alamu anali atayenda chigulireni. Wina anasesa pabwalo mmawa wa tsiku logulitsa. Chimene anasesacho sitinachione, tinangoona mizere ya tsache.

Pali mzere wina pansi pa bokosi lililonse umene unandigwira mtima kuposa yonse. Umasonyeza nambala ya galaja kapena makina amene analisintha komaliza. Mabokosi ambiri anali ndi nambala imodzi yofanana, imene amisiri anati ndi ya ku fakitale. Limodzi linali ndi 12345, nambala yongodzazira malo. Koma amisiri anandichenjeza kuti ndisakhulupirire kwambiri mabokosi ooneka oyerawo, chifukwa pulogalamu yawo yomwe, ukapanda kuipatsa nambala yako, imasiya nambala imene yaipeza. Munthu amalowa, kusintha, kutuluka, ndipo siginecha imakhalabe ya fakitale. Mu 1995 Lawrence Venuti anatulutsa buku lotchedwa The Translator's Invisibility, lotsutsa chizolowezi choyamikira womasulira amene sakuoneka, amene ntchito yake imawerengeka ngati palibe anaikhudza. M'kalasi tinkakangana za bukuli ngati nkhani ya ulemu wa womasulira ndi malipiro ake. Nditakhala pa mpando wa galimoto ija ndinaiona nkhaniyo kuchokera kumbali ya wowerenga, amene ali ndi ufulu wodziwa kuti pakati pa iye ndi mlembi panadutsa munthu.

Bokosi nambala 09, la magetsi, ndi limene anandiitanira. Kuti ulowemo umalemba nambala yachinsinsi, 31347, imene ndi chinsinsi cha mudzi wonse. M'kati muli mizere mazanamazana, ndipo yambiri imayamba ndi mawu oti Leuchte, kutanthauza nyali. Getsi lililonse la galimoto lili ndi gulu lake la mizere. Leuchte0BLK VL: BLK ndi Blinker, indiketa, VL ndi vorne links, kutsogolo kumanzere. BR ndi Bremslicht, getsi la mabuleki. NSL ndi Nebelschlusslicht, getsi lakumbuyo la m'chifunga, mawu atatu omangidwa mtolo umodzi monga Ajeremani amakondera. Pansi pa getsi lililonse pali Lasttyp, mtundu wa katundu amene waya wanyamula, kaya ndi babu wamba kaya ndi LED; pali Lichtfunktion, ntchito ya getsilo; pali Dimmwert, mlingo wa kuwala. Ndinkawerenga mokweza, kumasulira, amisiri n'kumagwedeza mutu monga munthu amene wauzidwa dzina lenileni la mnzake amene wakhala akumuitana ndi dzina lamasewera zaka zonse. Mawu awiri anawasangalatsa kwambiri, Hellphase ndi Dunkelphase, nthawi ya kuwala ndi nthawi ya mdima. Kwa fakitale, kuphethira kwa indiketa ndi nthawi ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse utha kuipatsa ntchito yake.

Kenako tinafika pa mawu aatali, Lampendefektbitposition. Ndinawadula monga timadulira mzimbe, mfundo ndi mfundo: nyali, kuwonongeka, bit, malo. Malo amene bokosi limalemba kuti nyali yafa. Pa magetsi a mabuleki onse awiri, mzere umenewu unali pa ziro, pamodzi ndi mnzake woyamba ndi Fehlerort, malo a cholakwika. Nkhani yonse inaonekera pamenepo. Mwini wake wina anachotsa magetsi akumbuyo a fakitale n'kuikapo ena okongola a LED ogula padera. LED imakoka magetsi ochepa, bokosi linaganiza kuti babu lafa n'kuyamba kudandaula, ndipo iye m'malo moliuza bwinobwino mtundu wa magetsi atsopanowo, analitseka pakamwa. Tsiku limene getsi linafadi, panalibenso wonena. Chikomekome cha mkuyu. Ndinaganiza za msewu wa pakati pa Masvingo ndi Harare usiku, thiraki ili pambuyo, ana ali mtulo pa mpando wakumbuyo.

Kubwezera zinthu mmene zinalili kuli ndi vuto lake: choyambirira chinatayika. Amene anasinthayo sanasiye kope. Amisiri ali ndi njira imene akatswiri a zolembedwa zakale angaizindikire nthawi yomweyo. Pa laputopu yawo amasunga mafayilo a magalimoto onse amene anawawerengapo, ndipo pakati pawo panali GTI ina ya chaka chomwecho imene akudziwa kuti sinakhudzidwepo. Palinso kapepala komatidwa m'buti, pafupi ndi tayala lapadera, kokhala ndi timakodi ta zilembo zitatu tosonyeza zida zimene galimotoyo inatuluka nazo ku fakitale. Tinaika mafayilo awiriwo pambali ndi pambali, mzere ndi mzere, n'kumafunsa pa kusiyana kulikonse ngati kwabwera chifukwa cha zida zosiyana kapena chifukwa cha dzanja la munthu.

Dzanja la munthu tinalipezanso m'bokosi nambala 17, la mawotchi, mmene belu lokumbutsa lamba linali litazimitsidwa. Alamu anati belulo limasokosa. Ine ndinangowafunsa kuti ndi liti anaona mwana wawo wamkulu, amene tsopano amakhala kutsogolo, atamanga lamba popanda kuuzidwa. Linabwezeretsedwa. M'bokosi nambala 03, la mabuleki, munalinso kusintha. Galimotoyi ili ndi nzeru yoti ikayamba kutsetsereka pokhota, imagwira buleki ya tayala limodzi kuti iwongoke. Batani lake lili pambali pa giya, ndipo mmene fakitale inakonzera, ukalidina nthawi yaitali chitetezocho chimangochepa koma chimakhalapobe. Wina anasintha byte 29 kuti batanilo lizichizimitsiratu. Bokosi ili amisiri sanalole wina aliyense kuligwira, ngakhale kulozapo chala. Mzere wake umalukana ndi nambala ya chasisi ya galimotoyo, ndipo ukalakwitsa chilembo chimodzi, ABS imaleka kugwira ntchito. Anawerenga katatu, m'Chipwitikizi, asanadine.

Pa ma airbag kompyuta inati zonse zili bwino, ndipo amisiri anati mawu amenewo ndi opepuka. Bokosi la ma airbag siliona thumba lenilenilo. Limangoyeza ngati waya wake ali ndi kukana kwa magetsi koyenera, ndipo okonza magalimoto angozi mwachinyengo amaikapo kachipangizo ka ndalama zochepa kopereka muyeso womwewo. Mapepala a alamu ankati galimotoyo ndi code 2, yogwiritsidwapo ntchito, osati code 3, yomangidwanso itawonongeka, koma si galimoto zonse zangozi zimene zimasinthidwa code. Choncho anachotsa batire, kudikira, n'kumasula pakati pa chiwongolero ndi manja. Thumba linalimo.

Zina zinali zazing'ono. Batire inali yatsopano koma bokosi nambala 19 linali lisanauzidwe, ndiye linkaitchaja ngati yakale ija. Tinalemba kukula kwake ndi mtundu wake. Khalidwe lozimitsa injini pa maloboti linali litaphedwa mwaukathyali, pokweza mlingo wa mphamvu ya batire umene galimoto imafuna isanazime, kuchoka pa 7.6 kufika pa 12, kuti isadzakhutire. Ichi tinachisiya. Aliyense amene anaimapo pa maloboti ena a mu Johannesburg usiku amadziwa chifukwa chake munthu safuna injini yozima.

Nkhani yaikulu inali m'bokosi nambala 01. Nambala ya pulogalamu ya injini inkaoneka ya fakitale, koma olemba remap ambiri amaisiya dala choncho. Bokosi limawerenga kuti lalembedwamo kangati, ndipo nambalayo inali yokwera, ngakhale kuti payokha si umboni, poti magalaja ovomerezeka nawonso amalembamo akamakonza pulogalamu. Umboni unabwera pa msewu. Alamu ankayendetsa, amisiri ali pambali ndi laputopu pa miyendo, ine kumbuyo nditagwira chogwirira. Mphamvu ya mpweya imene kompyuta inkapempha kwa turbo inali pamwamba ndithu pa ya GTI inzake ija. Titabwerera anaikweza pa jeke, ndipo pansi pake, pamalo pa catalytic converter, chosefera utsi chija, panali paipi yopanda kanthu. Galimoto yabwinobwino ikachotsedwa chosefera imayatsa getsi la injini n'kulemba P0420. Iyi inali italembedwa kuti isadandaule.

Nkhope ya alamu inasonyeza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Anali atanamizidwa, komanso anali atangomva kuti galimoto yawo ndi yamphamvu kuposa 162 kW ija. Olemba stage 1 ambiri amalonjeza kupitirira 200. "Ndiye kuti ndinapatsidwa basela," anatero. Amisiri anawayankha modekha kuti basela ameneyu sakudziwika amene anamuyeza. Pulogalamu yotere imalembedwa poganizira petulo wa mtundu winawake. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo n'chifukwa chake kumeneko amagulitsanso petulo wa 93 pambali pa wa 95. Tete ili pansi m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Mpweya wolemera ndi wotentha, turbo yokakamizidwa, galimoto yodzaza anthu ndi katundu wa Khirisimasi, ndi petulo amene wamupeza, nthawi zina wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu kukakhala kuti pa filing'i siteshoni pauma: zimenezi zikakumana, mafuta amayamba kuphulika nthawi yake isanakwane. Injini ili ndi khutu lomvera kugogoda kumeneku ndipo imabweza moto kuti idziteteze, koma mpata wodzitetezerawo ndi umene wolemba remap amadyako kuti apeze mphamvu. Wadyako wochuluka bwanji, ife sitikanatha kuwerenga ndi chingwe chathu. Panalinso inshuwalansi, imene imatha kukana kulipira ikapeza kuti galimoto inasinthidwa iyo osauzidwa.

Sindikufuna kuti zimveke ngati cholembedwa cha fakitale ndi malemba oyera. Pa 18 Seputembala 2015, chaka chomwe galimoto ya alamu inapangidwa, bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linalengeza kuti magalimoto a dizilo a Volkswagen anali ndi pulogalamu yozindikira kuti akuyezedwa. Poyezedwa ankatulutsa utsi wovomerezeka, pa msewu ankatulutsa mpweya woipa wa nitrogen oxides wofika kuwirikiza 40 pa mlingo wa lamulo. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto okhudzidwa anali pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse. Amene anayamba kuona kusiyanaku ndi ofufuza a ku West Virginia University, ndipo anakuona chifukwa anamangirira makina oyezera ku magalimoto n'kuyenda nawo pa msewu weniweni. Ya alamu ndi ya petulo, sinali m'gulu limenelo. Koma chichitikireni zimenezo n'zovuta kuuza mnyamata wa laputopu kuti asakhudze pulogalamu chifukwa eni ake ndi amene amadziwa zabwino. Chimene ndinganene n'chochepa: pulogalamu ya fakitale inayesedwa m'chipululu ndi m'chisanu, ndi mafuta abwino ndi oipa, ndipo ili ndi mwini woti n'kumuimba mlandu. Ya m'galimoto ya alamu inalibe dzina.

Ndipo fakitale nayo ili ndi zokometsera zake. Pa mndandanda panali bokosi lotchedwa A9, limene dzina lake la Chijeremani lili ndi mawu oti Körperschall. Körper ndi thupi, Schall ndi phokoso. Pansi pa galasi lakutsogolo pali kachipangizo kooneka ngati kachitini, kotchedwa Soundaktor, kamene kamanjenjemeretsa thupi la galimoto ndi galasilo kuti a m'kati amve kubangula kwa injini kokulirapo kuposa kwenikweni. Gawo lina la vrrr limene dalaivala amamva ndi loimbidwa ndi kachitini. Alamu anakana kukhulupirira mpaka amisiri atatsitsa mlingo wake kuchoka pa 100 kufika pa ziro, tinazungulira mdadada umodzi, ndipo galimoto inamveka ngati ya abusa. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ibwezereni, koma pang'ono." Tinagwirizana pa 40.

Za injini anagamula ndi achemwali, madzulo omwewo, akupakula nsima. Anamvetsera zonse, anafunsa mafunso awiri, n'kunena kuti ana awo sakwera galimoto imeneyo kupita kumudzi mpaka injini itabwerera mmene inabadwira. Kubwezerako kunafuna makina ena, okhala ndi pulogalamu yeniyeni ya fakitale, ndipo kunafunanso chosefera utsi, apo ayi getsi la injini likanayaka tsiku lomwelo. Chosefera ndi chodula chifukwa m'kati mwake muli platinamu ndi miyala inzake yamtengo wapatali, ndipo n'chifukwa chake akuba amachidula pansi pa magalimoto oimikidwa. Zimandiseketsa mowawa kuti gawo lalikulu la platinamu wa padziko lonse limakumbidwa ku South Africa komweko, kumene Amalawi akhala akupita ku migodi kuyambira nthawi ya agogo athu. Ndalama za chosefera ndi za ulendo sizinakwanire pamodzi. Disembala ameneyo banja linapita pa basi, ndipo GTI inatsala itafunditsidwa lona. Inakafika ku Ntcheu pa Pasaka, ndi ma kW ake 162, kudzera ku Ulongwe, kumene alamu anatula katundu wa amisiri kwa amayi awo.

Amisiri amati ntchito ngati imene tinachita tsiku lija ikutha. Kuyambira pa Golf ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, mabokosi ambiri ali ndi loko wotchedwa SFD, ndipo kuti usinthe kanthu uyenera kupempha chilolezo pa intaneti, dzina lako n'kulembedwa. Mbali ina ya mtima wanga imakondwera, poti ndiye siginecha ija ndinkaifuna. Mbali ina imaona kuti kiyi wachoka m'manja mwa bambo wa ku Angónia n'kupita ku kompyuta ya kutsidya kwa nyanja. Ku South Africa, bungwe la Competition Commission linatulutsa malangizo amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2021, onena kuti mwini galimoto atha kukakonzetsa kwa makaniko woima payekha popanda kutaya waranti, ndiponso kuti opanga magalimoto azipereka chidziwitso cha ukatswiri kwa amakaniko oterewa. Koma chidziwitsocho n'cholipira, chimafuna intaneti yodalirika ndi galaja yolembetsedwa. Magalimoto amenewa akadzakalamba adzatsikira kwathu, ku Biwi ndi ku Ndirande, monga anzawo onse amachitira, ndipo maloko awo adzabwera nawo.

Chimene alamu anabwerera poyamba, kupatula getsi lija, tinachichita pomaliza, dzuwa litapendeka. Ankafuna kuti akaliza galimoto, mivi ya mawotchi izithamanga kufika kumapeto n'kubwerera, monga anaonera pa galimoto ya mnzawo. Ndi switchi imodzi m'bokosi nambala 17. Anafunanso kuti akangokhudza indiketa iziphethira kanayi m'malo mwa katatu. Mzere wake ndi Komfortblinken Blinkzyklen. Anazima ndi kuliza galimoto kasanu konse akuonerera mivi ija.

Ine ndinagula kope la masamba 32 pa shopu ya pakona n'kulemba zonse zimene tinasintha: tsiku, nambala ya bokosi, dzina la mzere m'Chijeremani, chimene tinapeza, chimene tinaikapo, ndi tanthauzo lake m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pansi tinasaina atatu. Kopelo limakhala m'kabati ka pa dashibodi pamodzi ndi buku la sevisi, ndipo alamu analonjeza kuti tsiku logulitsa lidzapita ndi galimoto. Mizere yambiri inamasulirika mosavuta. Pa Dunkelphase ndinalemba kuti nthawi ya mdima, amisiri n'kunena kuti kwawo angati pamene diso latsinzina, ndipo ndinalemba zonse ziwiri. Pa Körperschall ndinayamba ndalemba kuti kunjenjemera, koma kunjenjemera kulibe phokoso, ndiye ndinasiya kuti phokoso loyenda m'thupi. Alamu atawerenga anatenga cholembera n'kuwonjezera pambali pake, ndi zilembo zazikulu za munthu wozolowera kulemba pa chitsulo ndi choko: kachitini konama, 40.